Mdzukulu wanga akukonzekera bat mitzvah: kodi ine Mkhristu ndikalowe m'sunagoge?

Mayi wina wa ku Malawi amene wakhala ku Johannesburg kwa zaka zambiri walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mwamuna wachiyuda zaka 14 zapitazo. Mkamwini wangayu ndi munthu waulemu ndipo sitinayambanepo. Tsopano mdzukulu wanga wamkazi, wa zaka 12, akumapita ku sunagoge mlungu uliwonse kukaphunzira Chiheberi. Akuti chaka chamawa adzachita mwambo wa kukula kwa mtsikana wotchedwa bat mitzvah, ndipo andiitana. Mayi akenso ayamba kulowa kalasi ya akuluakulu kumeneko. Akundiuza kuti mpingo wawo ndi wa Progressive ndipo umalandira aliyense. Ine ndine mayi wa Mvano, ndinabatizidwa ndili wakhanda. Kodi ndikapita sindikhala ngati ndakana chikhulupiriro changa? Kumeneko kumachitika zotani, ndipo munthu wakuda amamulandiradi? Mtima wanga suli m'malo."

Amayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa mawu, ndipo ndikupempheni kuti mtima ukhale pansi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa ana ndi akuluakulu mumpingo wa mtundu umenewu, ndipo ndaona agogo ambiri achikhristu, ena Akatolika, ena a Anglican, ena a Pentekoste, atakhala pampando wakutsogolo pa tsiku la adzukulu awo, n'kubwerera kutchalitchi kwawo Lamulungu lotsatira chikhulupiriro chawo chili chomwecho. Ayuda sayenda kukopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo. M'sunagoge mulibe nthawi yoitanira anthu kutsogolo kuti alape, ndipo palibe amene adzakuuzeni kuti munene mawu otsutsana ndi ubatizo wanu. Aphunzitsi akale achiyuda ankati anthu olungama a mitundu yonse ali ndi gawo m'dziko likudzalo, choncho kwa iwo inu si nkhosa yosochera yofunika kuibweza. Ndinu agogo a mwana wa mumpingo mwawo, ndipo akuitanani pa udindo umenewo.

Dzina lakuti Progressive, limene ku America amati Reform, likunena nthambi ya Chiyuda imene inayambira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Ayuda ena a nthawi imeneyo anaona kuti ana awo akutalikira mapemphero, motero anayamba kulalikira m'chinenero chimene anthu ankalankhula tsiku ndi tsiku, kufupikitsa mapemphero ena ndi kuimba mothandizidwa ndi limba. Sunagoge wa ku Hamburg wotsegulidwa mu 1818 ndi mmodzi mwa oyambirira. Phata la maganizo awo ndi lakuti malamulo a chilungamo ndi chifundo sasintha, koma miyambo ya kapembedzedwe m'badwo uliwonse uli ndi ufulu woiunikanso. Ku South Africa nthambiyi inazika mizu pamene Rabi (mphunzitsi ndi mtsogoleri wa mpingo wachiyuda) Moses Cyrus Weiler anafika ku Johannesburg mu 1933, ndipo sunagoge wa Temple Israel ku Hillbrow anatsegulidwa mu 1936. Lero mumzindamo muli masunagoge a Beit Emanuel ku Parktown ndi Bet David cha ku Sandton, ndipo mipingo ina ili ku Cape Town, Durban ndi Pretoria. Dziwani kuti Ayuda ambiri a m'dzikomo ndi a nthambi ya Orthodox, yotsata malamulo akale mosamalitsa. A Progressive ndi ochepa, ndipo zimenezi zikhudza nkhani ya mdzukulu wanu monga ndifotokozera.

Akamati amalandira aliyense, tanthauzo lake loyamba ndi la amayi. M'sunagoge wa Orthodox amuna ndi akazi amakhala padera, ndipo pa anthu khumi ofunika kuti mapemphero ena achitike, amene amatchedwa minyan, amawerenga amuna okha. Kwa a Progressive banja limakhala pamodzi, mkazi amawerengedwa, amatsogolera mapemphero ndipo angakhale rabi. Mkazi woyamba kudzozedwa urabi anali Regina Jonas ku Germany mu 1935, amene anaphedwa ku msasa wa chipani cha Nazi wa Auschwitz mu 1944, ndipo ku America Sally Priesand anadzozedwa mu 1972. Tanthauzo lachiwiri ndi la mabanja ngati la mwana wanu, mmene mmodzi si Myuda: sauzidwa kuti adikire panja. Lachitatu ndiyenera kukuuziranitu kuti lisadzakudzidzimutseni. Mipingo imeneyi imalandiranso amuna kapena akazi okwatirana okhaokha, ndipo ya ku South Africa inavomera kudalitsa maukwati otere lamulo la dzikolo la mu 2006 lololeza maukwatiwo litangodutsa. Mwina tchalitchi chanu chimaphunzitsa zosiyana, ndipo palibe amene adzakufunseni maganizo anu pa tsikulo. Chimene amayembekezera kwa mlendo ndi ulemu womwewo umene iwo akumupatsa.

Tsopano za tsiku lenilenilo. Pachipata mudzapeza alonda amene angakufunseni dzina, chiphaso ndi amene wakuitanani, mwinanso kusuzumira m'chikwama. Anthu akwathu ambiri izi zimawapweteka poganiza kuti ndi chifukwa cha khungu, koma masunagoge m'maiko ambiri amatetezedwa motero chifukwa akhala akuukiridwa. Ku Pittsburgh ku America mu 2018 anthu 11 anaphedwa ali pa mapemphero a Sabata. Mwana wanu apereke dzina lanu ku ofesi ya mpingo pasadakhale, ndipo ngati n'kotheka mudzalowe limodzi ndi mkamwini wanu. Valani monga mumavalira pa ukwati wa kutchalitchi. Chitenje chabwino ndi duku n'zoyenera ndithu, koma yunifomu ya Mvano ine ndikanaisiya kunyumba, osati chifukwa wina angakudzudzuleni, koma chifukwa tsikulo mukupita monga agogo, osati moimira bungwe. Amuna onse, ngakhale alendo, amapatsidwa kachipewa kotchedwa kippah pakhomo. Foni muzimitse, musajambule zithunzi mapemphero ali mkati, ndipo musakonzekere chopereka, chifukwa mbale siyenda pa Sabata. Mpingo umayendetsedwa ndi ndalama zimene mamembala amasonkha pachaka.

Mukalowa simudzaona fano kapena chithunzi cha munthu. Kutsogolo kuli kabati yaikulu yosungiramo mipukutu ya Torah, ndiye kuti mabuku asanu a Mose, ndipo pamwamba pake pamayaka nyali yosazima. Buku la mapemphero, siddur, limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto, popeza Chiheberi chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo pambali pa Chihebericho pamakhala Chingerezi. Mudzadabwa kuchuluka kwa zimene mukuzidziwa kale. Amaimba Masalimo, amanena pamodzi mawu a pa Deuteronomo 6:4 akuti Israele amve kuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo kawirikawiri mwana amadalitsidwa ndi mawu a pa Numeri 6 amene abusa anu amatsekera nawo mapemphero. Dzina la Mulungu limene Buku Lopatulika lathu limalemba kuti Yehova, Ayuda salitchula ndi pakamwa chifukwa cha kupatulika kwake. Amati Adonai, kutanthauza Ambuye, ndipo ndi ulemu kuti nanunso pocheza nawo muzingoti Mulungu. Sagwada. Anthu akaimirira, makamaka kabati ija ikatsegulidwa, imirirani nawo, ndipo mawu amene simukufuna kunena ingokhalani chete. Mpukutu ukamazungulira pakati pa anthu mudzaona ena akuukhudza ndi buku kapena ndi mphonje za nsalu yopempherera n'kupsompsona bukulo kapena mphonjezo. Sakuulambira, akuonetsa kukonda mawu a Mulungu, ndipo mlendo sakakamizidwa kutero.

Pachimake pa mwambowu ndi pamene mdzukulu wanu adzaitanidwe ndi dzina lake lachiheberi kuti akwere pagome kukawerenga. Ndikufuna mumvetse kukula kwa ntchito imene mwanayu wasenza. Mpukutu wa Torah umalembedwa pamanja pachikopa, ndipo mlembi mmodzi amatha chaka kapena kuposerapo kuti aumalize. Mulibe tizizindikiro ta mavawelo, mulibe zopumira, mulibe chosonyeza kaimbidwe, komabe mawuwo amawerengedwa moimba, liwu lililonse ndi kamvekedwe kake. Mwana amaphunzira kaye kuchokera m'buku losindikizidwa lokhala ndi zonsezo, kenako amayenera kuzisunga m'mutu. Ndimakumbukira mtsikana wina amene kwa miyezi itatu ankakhumudwa pa liwu limodzi lomwelo, mpaka tsiku lina anatseka buku misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti sadzatha. Tinagawa vesilo m'zidutswa zitatu, iye n'kumaliimba potsuka mbale ndi popita kusukulu. Pa tsiku lake anagwira kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kolozera kunsonga kwake, kamene amagwiritsa ntchito kuti chala chisakhudze chikopa, ndipo atafika pa liwu lija anapuma pang'ono, n'kulidutsa bwinobwino. Agogo ake, amene sankamva Chiheberi ngakhale liwu limodzi, anadziwa kuti padutsa chinthu chachikulu poona mmene mapewa a mwanayo anatsikira.

Bat mitzvah amatanthauza mwana wamkazi wa lamulo, ndipo wamwamuna amati bar mitzvah. Kuyambira tsikulo, pa zaka 13 m'mipingo yambiri ya Progressive, mwana amawerengedwa ngati wamkulu pa nkhani za chipembedzo, woyankha yekha pa zochita zake. Ena akwathu amaufanizira ndi chinamwali, ndipo pa mfundo ya kukula akunena zoona, koma pano palibe tsimba kapena chinsinsi. Zonse zimachitika poyera, makolo ndi alendo akuona. Akamaliza kuwerenga, mwana amalankhula kwa mpingo kufotokoza zimene waphunzira m'ndimeyo, ndipo apa ndi pamene agogo ena amadzuma, chifukwa mwana angathe kufunsa poyera ngati Abrahamu kapena Yakobo anachita bwino. Kumeneko si mwano. Kuphunzira kwachiyuda kunamangidwa pa mafunso ndi kutsutsana mwaulemu, ndipo mabuku awo akale anasunga ngakhale maganizo a amene anagonja pa mtsutso. Ngati mdzukulu wanu wayamba kufunsa kuti "chifukwa chiyani" kunyumba kuposa kale, gwero lake ndi limeneli, ndipo ine ndimaliona ngati mphatso, malinga ngati makolo akumuphunzitsanso mmene mwana amafunsira akulu kwathu.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndi yolemera kuposa zonse. Mwa mwambo wakale wachiyuda, mwana amatsata mayi: wobadwa kwa mayi wachiyuda ndi Myuda, wobadwa kwa bambo wachiyuda yekha ayi. Kwa ife amene tinakulira m'mbumba, kumene mwana ndi wa kuchikazi ndipo malume ndiye mwinimbumba, izi sizachilendo konse. Mu 1983 nthambi ya Reform ku America inagamula kuti mwana wa kholo limodzi lachiyuda, kaya ndi bambo, angawerengedwe Myuda ngati waleredwa m'Chiyuda, koma mipingo ya Progressive ya m'maiko ena ili ndi njira zake, ndipo ina imafuna kuti mwana wotere adutse kaye mwambo womulandira asanachite bat mitzvah. Chofunika kwambiri n'chakuti a Orthodox savomereza Chiyuda chodzera kwa bambo, ndiponso savomereza kutembenuka kochitikira kwa a Progressive. Ndiye kuti mdzukulu wanu, ngakhale mpingo wake umuwerenge Myuda wathunthu, akadzafuna kukwatiwa m'sunagoge wa Orthodox, kapena ku Israel kumene maukwati a Ayuda ali m'manja mwa akuluakulu a Orthodox, adzauzidwa kuti ayambe watembenuka mwa njira yawo. Ndaona achinyamata akusweka mtima pomva zimenezi koyamba kwa mnzawo wa kusukulu kapena kwa makolo a chibwenzi chawo. Limbikitsani mwana wanu ndi mwamuna wake kuti akakhale pansi ndi a rabi, amve bwino mmene mwanayu akuwerengedwera, ndipo amufotokozere okha mofatsa.

Za kalasi imene mwana wanu walowa, musathamangire kuganiza kuti watembenuka. Ambiri amalowa kuti amvetse zimene ana awo akuphunzira, ndipo amatsiriza ali Akhristu monga analili. Wofunadi kukhala Myuda amaphunzira chaka chathunthu kapena kuposa, kuti aone zikondwerero zonse, kuyambira chaka chatsopano cha Rosh Hashanah ndi kusala kudya kwa Yom Kippur mpaka Pasaka. Amaphunzira kuwerenga Chiheberi, amaonekera pamaso pa bwalo la anthu atatu lotchedwa beit din kuti afotokoze chifukwa chake, ndipo amamizidwa m'madzi. Rabi wabwino amachedwetsa dala munthu amene akuoneka kuti akungofuna kusangalatsa mwamuna kapena apongozi. Koma sindikunamizani: munthu akatembenuka amasiya kukhulupirira kuti Yesu ndi Mesiya, pakuti Chiyuda ndi Chikhristu zimasiyana pamenepo, ndipo magulu amene amaphatikiza ziwirizi n'kumadzitcha Ayuda a Mesiya, nthambi zonse zachiyuda siziwawerenga ngati masunagoge. Ngati mwana wanu adzasankhe njira imeneyo, kudzakupwetekani, ndipo simuyenera kuchita manyazi ndi ululu umenewo. Ayuda amakonda nkhani ya Rute Mmoabu amene anati anthu a Naomi adzakhala anthu ake, ndipo nthawi zonse ndikamaiphunzitsa ndimakumbutsa ophunzira kuti Rute anali ndi mayi ake amene anatsala ku Moabu. Timawaphunzitsa kuti lamulo lolemekeza bambo ndi mayi silitha ndi kutembenuka: amapitabe kumaliro akwawo, amadya ndi abale pa Khrisimasi, ndipo amasamala makolo awo. Mufunseni mwana wanu mwachindunji zimene akuganiza, panokha, osati pamaso pa mwamuna wake kapena mwana.

Funso lanu la khungu ndiliyankha mmene ndalionera. Ayuda si azungu okhaokha. Alipo a ku Ethiopia, alipo Abayudaya a ku Mbale ku Uganda amene anayamba kutsata Chiyuda cha m'ma 1919, ndipo m'mipingo ya Progressive ku South Africa mudzapeza anthu akuda ndi amwenye ovala nsalu yopempherera. Koma mpingo ndi anthu, ndipo anthuwo anakulira m'dziko limene munthu wakuda m'nyumba ya mzungu ankakhala wantchito. Ine ndemwe, pa chikondwerero china m'zaka zanga zoyambirira, mayi wina wachikulire anandipatsira mbale zodyedwa kuti ndipite nazo kukhitchini. Zinandilasa, ndipo ndinatsala pang'ono kusiyiratu. Chimene chinandibweza n'chakuti nditafotokozera akuluakulu a mpingo sanandiuze kuti ndamva molakwa. Anakalankhula naye, iye anabwera kudzapepesa, ndipo olandira alendo anaphunzitsidwa mwatsopano. Pamenepo ndi pamene ndimayezera ngati mpingo umalandiradi aliyense, osati pa mawu olembedwa pachikwangwani. Zoterezi zikakuchitikirani inu kapena mdzukulu wanu, musazimeze. Uzani a rabi kapena wapampando wa mpingo, ndipo ngati ayankha mozemba, banjalo lili ndi ufulu wofuna mpingo wina.

Mapemphero akatha anthu sabalalika. Amadalitsa vinyo ndi buledi woluka wotchedwa challah, n'kudyera pamodzi, ndipo apa ndi pamene mudzadziwane ndi abale a mkamwini wanu ndi aphunzitsi a mwana. Mukafuna kubweretsa chakudya, funsani kaye, chifukwa makhitchini a masunagoge ali ndi malamulo: nkhumba ayi, nyama siphatikizidwa ndi mkaka, ndipo nsomba iyenera kukhala ya mamba ndi zipsepse, kotero chambo n'chololedwa koma mlamba ayi. Mandazi kapena zitumbuwa zokazingira mafuta a mbewu nthawi zambiri sizivuta. Ena amapatsa mwana ndalama zowerengedwa m'ma 18, monga 180 kapena 360, chifukwa zilembo za liwu lachiheberi lotanthauza moyo zimakwana 18, koma mphatso iliyonse yochokera kwa agogo ndi yolandirika.

Moyo wa mpingo umaonekera bwino pa mavuto, ndipo apa mudzaona ngati muli kwathu. Munthu akafedwa amakhala panyumba masiku asanu ndi awiri, zimene amati shiva, ndipo anthu amabwera madzulo ndi chakudya kudzapemphera naye kuti anthu khumi aja akwane. Nditamva liwuli koyamba ndinakumbukira siwa yathu, ngakhale kuti mawu awiriwa angofanana kamvekedwe. Kuthandiza osowa amati tzedakah, liwu lochokera ku chilungamo, kutanthauza kuti ndi ngongole imene munthu ali nayo kwa mnzake. Amayi a mipingo imeneyi ali ndi bungwe lawo, United Sisterhood, limene linathandiza kuyambitsa sukulu ya M.C. Weiler ku Alexandra, dera la mu Johannesburg, m'masiku a tsankho, ndipo ntchito yawo yoyendera odwala ndi kudyetsa ana siyosiyana kwenikweni ndi ya Mvano. Ana okonzekera bat mitzvah nawonso amapatsidwa ntchito yachifundo yoti achite, ndipo mungathandize mdzukulu wanu kusankha ina yokhudza kwanu ku Malawi.

Pali nthawi zimene muyenera kufuna thandizo loposa la yankho lino. Ngati chikumbumtima chikukuvutitsanibe, kambiranani ndi abusa anu musanapite, ndipo muwafotokozere bwino kuti mukukaonerera mdzukulu, simukukalowa mpingo. Ngati nkhaniyi yayamba kugawa mwana wanu ndi mwamuna wake, kapena mmodzi akukakamiza mnzake, ankhoswe kapena mlangizi wa mabanja alowererepo msanga. Ngati mwana akusowa tulo, akudwala m'mimba pafupipafupi kapena akulira chifukwa choona ngati ayenera kusankha pakati pa agogo a mbali ziwiri, aphunzitsi ake ndi mlangizi wa kusukulu adziwe, chifukwa gawo lowerenga lingafupikitsidwe ndipo tsiku lingasunthidwe. Ndipo wina aliyense, makamaka pa intaneti, amene angalonjeze kutembenuza munthu m'masabata ochepa pomulipiritsa ndalama, mutalikireni.

Musadikire tsiku lalikululo kuti mukalowe koyamba. Pemphani kuti akutengeni Lachisanu lina madzulo, pamene Sabata ikuyamba ndi kulowa kwa dzuwa. Mapemphero ake ndi aafupi, odzaza nyimbo, ndipo mudzapeza mpata wopatsa moni a rabi. Afunseni ngati pali gawo la agogo omwe si Ayuda, chifukwa mipingo yambiri imalola kutsegula kabati ya mipukutu kapena kuwerenga pemphero la mtendere, ndipo ina ingalole kuti munene dalitso lalifupi m'Chichewa. Popeza Torah inagawidwa m'zigawo 54 zowerengedwa motsatana chaka chonse, mdzukulu wanu akudziwa kale chaputala ndi mavesi a tsiku lake. Mufunseni, mutsegule pomwepo m'Buku Lopatulika lanu, iye aimbe vesi m'Chiheberi inu muliwerenge m'Chichewa, ndipo mumuuze maina a amayi anu ndi agogo anu aakazi kuti akawatchule polankhula kwa mpingo.